Funsani Amakaniko: Matayala oyenera pikapu ndi SUV

Makalata ambiri omwe talandira mwezi uno ndi okhudza matayala. Tasankhapo angapo, ndipo ena tawafupikitsa.

FUNSO: Ndili ndi Toyota Hilux yomwe ndimanyamulira chimanga ndi feteleza. Matayala omwe alipo alembedwa 205R16C 110/108. Wogulitsa wina wandionetsa otchipirapo olembedwa 215/70R16 100H, ndipo akuti malinga limu ndi 16 palibe vuto. Ndigule? Mlimi, Kasungu.

YANKHO: Musagule, bambo. Kulowa pa limu alowa ndithu, koma 16 ija imangonena kukula kwa limu basi, mainchesi 16. Nambala yomwe wogulitsayo sanakufotokozereni ndi yakumapetoyo, yomwe imanena katundu amene tayala lingasenze. 110 ikutanthauza makilogalamu 1,060 pa tayala limodzi. 108 ndi makilogalamu 1,000, koma imeneyo ndi ya galimoto zokhala ndi matayala awiriawiri mbali iliyonse kumbuyo, choncho yanu ndi 110. Tsono 100 ndi makilogalamu 800 okha. Pa tayala lililonse mutaya makilogalamu 260, kumbuyo konse 520, omwe ndi matumba 10 a makilogalamu 50 ndi kapamwamba. Ndipo mukudziwa nokha kuti katundu wa pikapu pafupifupi yense amatsamira matayala akumbuyo.

Chilembo C chija chikusonyeza kuti tayalalo analipangira galimoto zonyamula katundu. Ena amalemba LT kumayambiriro kwa saizi, monga LT245/75R16. Tayala lotere m'kati mwake muli nsalu ndi mawaya olimba, ndipo limalola mpweya wambiri. Mukaona 6PR, 8PR kapena 10PR, ndiwo mapulayi omwe anthu amatchula aja. Masiku ano nambalayo sikutanthauza kuti muli nsalu 8 kapena 10 zenizeni, imangonena kulimba kwake.

Tayala likalemedwa, mbali zake zimapindika ndi kuwongoka nthawi iliyonse likazungulira. Kupindikako kumalitenthetsa, ndipo likatentha kwambiri labala imayamba kulekana ndi mawaya a m'kati. Kunja simuona kanthu. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, muli pa M1 ndi matumba anu, mungomva chiphokoso kumbuyo, chikamba cha tayala chasendeka. Zidutswa za labala zomwe mumaziona m'mbali mwa msewu zambiri zimachokera pamenepa.

Palinso china: saizi yomwe akukugulitsaniyo ndi yaifupi. Tayala lanu kutalika kwake ndi pafupifupi mamilimita 734, pomwe linalo ndi 707, ndiye galimoto itsika, iyamba kukhula pansi m'misewu ya kumunda.

Gulani 205R16C 110/108 yomweyo. Koma dziwani kuti tayala la C limasenza katundu wake yense pokhapokha litapopedwa mokwanira. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pachipilala pali kapepala komata kosonyeza mpweya wa galimoto yopanda katundu ndi wa galimoto yodzaza. Tsatirani kameneko, ndipo muziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Mukayeza pakati pa ulendo geji idzaonetsa mpweya wochulukirapo. Musaphwetse, umabwerera wokha tayala likazizira.

FUNSO: Ndimayendetsa Fortuner. Ndimakhala ku Lilongwe koma kamodzi pamwezi ndimapita kumudzi ku Ntchisi, ndipo nthawi ya dzinja ndimavutika ndi matope. Anzanga akuti ndiike matayala a mano akuluakulu aja. Kodi akunena zoona? Mayi, Lilongwe.

YANKHO: Yambani mwawerenga makilomita anu, mayi. Pa makilomita 100 aliwonse omwe mumayenda, angati ali pa tala, angati pa fumbi, angati m'matope enieni? Ambiri akawerenga amapeza kuti matopewo ndi kachigawo kochepa kwambiri.

Matayala a galimoto ngati yanu ali m'magulu atatu. A H/T ndi a pa tala: sachita phokoso, amagwira bwino msewu wonyowa, samwetsa mafuta ambiri, koma mano ake ndi oyandikana, matope akalowamo tayala limasalala ngati sopo. A M/T, omwe anzanu akunenawo, mano ake ndi otalikirana kuti matope azithothoka pamene likuzungulira. Pa dothi la makande palibe lowaposa. Koma pa tala amalira ngati ndege, ndi olemera, amawonjezera mafuta, ndipo chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti labala yokhudza msewu imakhala yochepa, kotero mvula ikagwa m'tauni galimoto imachedwa kuima mukaponda buleki. Pakati pa awiriwa pali A/T, monga BFGoodrich All-Terrain, General Grabber AT3, Yokohama Geolandar A/T ndi ena otero.

Kwa inu timalangiza A/T. Amapirira miyala ndi mabampu a msewu wafumbi, amayesetsa m'matope apakatikati, ndipo m'tauni sakusowetsani mtendere. A M/T asiyireni omwe sabata yonse amakhala m'minda ndi m'nkhalango. Ngati Fortuner yanu ndi ya 4x4, ikani giya yokoka ndi mawilo onse anayi musanalowe m'matope, osati mutatitimira kale.

Pa A/T pomwepo mupeza ena a LT ndi ena wamba. Ngati simunyamula katundu wolemera kapena kukoka ngolo, a 10PR simukuwafuna. Ndi olimba mopitirira, galimoto imadumphadumpha, ndipo amafuna mpweya wochuluka kuposa wamba kuti asenze katundu yemweyo. Onetsetsani kuti nambala ya katundu isachepere ya pa kapepala ka pachitseko. Pa 265/65R17 kawirikawiri imakhala 112, yomwe ndi makilogalamu 1,120.

FUNSO: Ndangolandira kumene Nissan X-Trail kuchokera ku Japan. Matayala ake ndi a mano abwinobwino, alembedwa STUDLESS. Mnzanga akuti ndiwachotse. Ndiwachotse chifukwa chiyani pomwe ndi atsopano? Wowerenga, Mzuzu.

YANKHO: Mnzanuyo akukufunirani zabwino. Amenewo ndi matayala a nyengo ya chisanu, opangidwira misewu youndana ndi madzi oundana. Mayina omwe amabwera kwambiri ndi Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx. Muwazindikira ndi timizere ting'onoting'ono tokhotakhota todzadza pa dzino lililonse, ndipo mukakanikiza ndi chala labala yake imafewa. Anaipanga dala yofewa kuti isaume kukazizira kwambiri. Kuno pa tala wotentha kufewako kumasanduka vuto: mano amapindika mukaponda buleki, galimoto imayenda mtunda wotalikirapo isanaime, pokhota imakhala ngati ikuyandama, ndipo amatha msanga. Ambiri ali ndi chilembo Q, kutanthauza kuti malire ake ndi makilomita 160 pa ola, pomwe S ndi 180, T ndi 190, H ndi 210. Zilembozi musazione ngati chilolezo chothamanga. Zimasonyezanso momwe tayala limapiririra kutentha.

Ngati ndalama sizinakwane lero, yendani nawo pang'onopang'ono ndipo siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo. Koma musatsike nawo Chiweta mvula ikugwa, galimoto itadzaza. Akhale oyamba kusintha pa galimoto imeneyo.

FUNSO: Matayala atsopano akwera mtengo kwambiri. Kodi akaunjika ndi oipa onse? Wowerenga, Limbe.

YANKHO: Sitinganene kuti onse, komanso tikudziwa momwe thumba lilili. Vuto n'lakuti tayala lakaunjika mbiri yake simuidziwa: mwina linayenda lophwa, mwina linagunda dzenje. Ngati palibe kuchitira mwina, musagule lili pa limu kapena mongoliyang'ana pamulu. Litulutseni poyera.

Choyamba funani zilembo DOT m'mbali mwake. Kumapeto kwa mzere umenewo kuli manambala anayi, kawirikawiri m'kabokosi kozungulira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Nthawi zina manambalawa amakhala mbali imodzi yokha, ndiye litembenuzeni. Akakhala okhulidwa kapena ofufutika, lisiyeni. Labala imakalamba ngakhale tayala lisakuyenda. Makampani ngati Michelin amalangiza kuti tayala likapitirira zaka 5 liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano alipo. Ndi kutentha kwa kuno, ife sitingakulangizeni kugula lomwe ladutsa kale zaka 5.

Kenako lowetsani dzanja m'kati ndi kupapasa kuzungulira konse. Mukapeza fumbi lakuda la labala, makwinya, kapena mzere wopsa mozungulira mbali, tayalalo linayendetsedwa lopanda mpweya ndipo nsalu zake zinafooka. Werengani zigamba. Chigamba chovomerezeka ndi cha pamalo opondera msewu okha, pa bowo losaposa mamilimita 6. Chigamba cha m'mbali ndi msampha. Panani mbali ziwirizo ndi manja muone ngati pakutseguka ming'alu. Onaninso mkombero womwe umagwira limu, usakhale wong'ambika kapena woonetsa waya.

Pomaliza mano. M'ngalande za tayala muli timapiri tating'ono totalika mamilimita 1.6. Mano akafanana nato, tayala latha. Koma pa mvula kugwira kumayamba kuchepa kale mano akatsika pa mamilimita 3, chifukwa ngalande zosaya sizitha kutulutsa madzi, galimoto imangoseseleka pamwamba pa madziwo chiwongolero chili chopepuka. Chenjeraninso ndi ojoba: pali ena amakumba ngalande ndi mpeni wotentha kuti mano aoneke akuya. Mudzaona m'mphepete mwa ngalande mosalingana, timapiri tija mulibe, mwinanso waya akusuzumira. Matayala a malole akuluakulu ena amaloledwa kukumbidwa choncho ndipo amalembedwa REGROOVABLE. A SUV ayi.

Ndiye werengerani. Tayala latsopano la SUV limabwera ndi mano a mamilimita 8 kapena kuposerapo. Lakaunjika la mamilimita 4 latsala ndi 2.4 okha oti muyendere, pomwe latsopano lili ndi 6.4. Mukaligula pa theka la mtengo, mwalipira zambiri pa kilomita iliyonse.

FUNSO: Ndingakwanitse awiri okha. Ndiike kutsogolo kapena kumbuyo? Galimoto ndi RAV4. Wowerenga, Zomba.

YANKHO: Kumbuyo, ngakhale ambiri amaganiza zosiyana. Akutsogolo akaterereka mumamva pa chiwongolero n'kuchepetsa liwiro. Akumbuyo akaterereka galimoto imatembenuka, ndipo ndi madalaivala ochepa omwe angaibweze. Awiri atsopanowo akhale ofanana mtundu ndi saizi, pa ekiselo imodzi.

Koma yambani mwafufuza ngati RAV4 yanu ndi yokoka ndi mawilo onse anayi. Pa galimoto zotero, tayala latsopano ndi lakutha amasiyana kutalika, ndiye amazungulira pa liwiro losiyana. Chipangizo chogawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo chimaona ngati wilo lina likuterereka, chimagwira ntchito osapuma, chimatentha n'kuwonongeka, ndipo mtengo wake umaposa wa matayala awiri omwe mumapewa kugula. Ngati akalewo atsala ndi mano ambiri, kusiyana kwake kosaposa mamilimita 2, awiri akwana. Kupitirira apo, dikirani mugule onse anayi.

FUNSO: Ndikufuna kukweza Hilux yanga pochotsa 265/65R17 n'kuika 265/70R17. Pali choopsa? Wowerenga, Mangochi.

YANKHO: Nambala yapakatiyo ndi kutalika kwa mbali ya tayala poyerekeza ndi mulifupi mwake, 65 kapena 70 pa 100 aliwonse a mamilimita 265. Mukawerengera, lakale ndi mamilimita 776 kutalika konse, latsopano ndi 803. Kusiyana ndi 27, koma galimoto ikwera ndi theka lake lokha, pafupifupi mamilimita 13. Pa phindu limenelo mulipira izi: sipidomita izionetsa liwiro lochepera ndi pafupifupi 3 pa 100 aliwonse kuyerekeza ndi kale, zomwe apolisi a kamera sadzakumverani, mphamvu ichepa pang'ono pa chitunda, ndipo tayala likhoza kukhula pulasitiki kapena chitsulo chakumbuyo kwa wilo. Ambiri amaika saizi imeneyi, koma musanalipire muikitse limodzi kutsogolo, mutsitse jeke, mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, n'kusuzumira mpata womwe watsala. Mukasintha, sinthani ndi sipeya yemwe.

FUNSO: Ndinagunda dzenje, tsopano m'mbali mwa tayala mwatuluka chotupa ngati dzira. Akuti angaikemo chubu. Komanso akutsogolo amadyeka m'kati mokha. Wowerenga, Balaka.

YANKHO: Chotupacho ndi nsalu zoduka, ndipo chomwe chikugwira mpweya pamenepo ndi labala yokha. Chubu sichilumikiza nsalu. Ikani sipeya lero lomwe.

Kudyeka kwa mbali imodzi si vuto la tayala, ndi alainimenti, ndipo mwina dzenje lomwelo ndilo linasokoneza. Kudyeka m'mbali zonse ziwiri ndi mpweya wochepa, pakati pokha ndi mpweya wochuluka, kudyeka modumphadumpha ngati mabenseni ang'onoang'ono ndi mashoko otha kapena balansi. Musanaike matayala atsopano, amakaniko ayambe agwedeza mawilo kuti aone mabushi, ma ball joint ndi ma tie rod, chifukwa alainimenti siikhazikika pa zitsulo zogwedera. Tsiku loika, asinthe mavalavu, achite balansi wilo lililonse, amange manati modumphitsa ngati nyenyezi, ndipo inu mudzawayesenso ndi sipanala mukayenda makilomita 50 mpaka 100. Kuchokera apo muziwasinthanitsa malo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 aliwonse. Ngati m'mbali muli kamuvi ndi mawu akuti ROTATION, tayala limenelo limangochoka kutsogolo kupita kumbuyo mbali yomweyo, silidutsa kupita mbali inayo.