Kuoda kompyuta ya injini ku Joni pamene kasitomala akuika supercharger

Achimwene, mwafunsa kuti oitanitsa zipangizo za galimoto amatani kasitomala akafuna kuika supercharger, komanso ngati n'zoona kuti kompyuta ya injini, ija amakaniko amati computer box, iyenera kusinthidwa. N'zoona. Supercharger imakankhira mpweya wochuluka mu injini, pamene kompyuta yakale imathira petulo ndi kuyatsa moto motsatira mpweya umene inazolowera. Petulo akachepa, injini imayamba kugogoda, pisitoni n'kusungunuka m'mphepete.

Chimene chimagwetsa ambiri pa malonda awa ndi kugula bokosi lokha. Tengani injini ya Toyota 4A-GZE ya 1.6, imene inatuluka kufakitale ili kale ndi supercharger ya SC12 mu MR2 AW11 komanso mu Levin ndi Trueno za AE92 ndi AE101. Injini zoyambirira zimayeza mpweya wolowa ndi airflow meter, zotsatira zimagwiritsa ntchito MAP sensor (sensa yoyeza mphamvu ya mpweya wolowa mu injini), ndipo makompyuta ake sasinthana. Kompyuta yomweyo ndi imene imayatsa ndi kuzimitsa kilachi ya supercharger. Choncho musanakwere basi, kasitomala akutumizireni chithunzi cha sitika ya pa bokosi lake. Nambala ya Toyota imayamba ndi 89661, ndipo manambala otsatirawo ndi amene amasiyanitsa. Ajambulenso mapulagi kuti muwerenge mapini, anene chaka cha galimoto, komanso ngati giya ndi ya manual kapena automatic.

Mukafika kwa ophwasula magalimoto, tengani zonse pa injini imodzi: kompyuta, mawaya ake, igniter (kachipangizo koyatsira moto), masensa ndi mainjekita. Anyamata ophwasula amakonda kudula mawaya ndi pulayala pafupi ndi pulagi. Akanizeni. Ngati adula kale, pulagi itsale ndi mawaya osachepera masentimita 20 kuti makaniko apeze polumikiza. Tsegulani bokosilo muone mkati. Bolodi ikakhala ndi dzimbiri lobiriwira, kapena ma capacitor atafufuma ndi kudontha, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Galimoto zatsopanoko zili ndi immobiliser, yoletsa injini kulira ndi kiyi wachilendo, ndiye kompyuta ikabwera yopanda kiyi wake ndi kabokosi kowerenga kiyiyo, injini sidzalira.

Ngati supercharger ikuikidwa pa injini imene inalibe, njira zilipo ziwiri. Unichip ya Dastek, ya ku Pretoria, imalumikizidwa pa kompyuta yakale n'kumakonza zimene ikuwerenga, ndipo imakwanira boost, mphamvu ya mpweya wokankhidwa ndi supercharger, ikakhala yochepa. Spitronics ndi Dicktator, zopangidwanso ku South Africa, zimalowa m'malo mwa kompyuta yakaleyo. Zimafuna MAP sensor ya 2 bar, chifukwa ya fakitale ya injini wamba siwerenga mpweya wopitirira wa panja. Pamafunikanso mainjekita akuluakulu ndi pampu ya petulo yamphamvu.

Apa ndi pamene muyenera kumuuza kasitomala zoona musanalandire ndalama yake. Bokosi lolowa m'malo mwa kompyuta yakale limabwera ndi mapu (manambala ouza kompyuta kathiridwe ka petulo ndi kayatsidwe ka moto) ongolizira injini basi, osati oyendera. Ngakhale wogulitsa atakuikirani mapu ochunidwa ku Johannesburg, mzindawu uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,750, pomwe mpweya ndi wopepuka. Galimoto yomweyo ikatsikira ku Mangochi kapena ku Nsanje imakoka mpweya wolemera, boost n'kukwera. Petulo wa ku Malawi ndi wosakaniza ndi ethanol, ndipo amafunika kuthiridwa wochulukirapo. Kuchuna kuchitike kuno, pa petulo wathu, ndi wideband sensor yoyeza utsi, ndipo pa boost AFR (muyeso wa mpweya poyerekeza ndi petulo) ikhale pakati pa 11.5 ndi 12. Ngati kasitomala alibe munthu wodziwa kuchuna pa laputopu, ndi bwino mumuodere injini ya fakitale ndi kompyuta yake.

Za pa njira n'zachidule. Bokosi likulungeni mu pulasitiki ndi nsalu, likhale m'chikwama cha m'manja, osati pansi pa basi pamene pamalowa madzi ndi fumbi. Kuchokera ku Beitbridge kudzera ku Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza, lisiti ikhale pafupi, yolembedwa dzina la chipangizo, nambala yake ndi mtengo weniweni, chifukwa a MRA akaukayikira amaika mtengo wawo powerengera msonkho. Ogulitsa ambiri salandiranso chipangizo chamagetsi chikangolumikizidwa, ndiye mugwirizane ndi kasitomala pa uthenga wolembedwa kuti nambala imene watumiza ndi imene mukaode, ndipo alipiriretu theka.