Wu Song: ngwazi kapena chigawenga?

Funso: Akonzi, mwana wanga wa folomu 3 wakhala akuonera filimu ya ku China yomasuliridwa m'Chichewa, ndipo masiku ano pakamwa pake sipachoka dzina la Wu Song, munthu amene akuti adapha kambuku ndi manja. Nditakhala pansi kuti ndionere nawo, ndidadabwa kuona munthu yemweyo akupha anthu n'kuthawira kumapiri. Kodi munthuyu adakhalapodi? Nanga anthu a ku China amamutamiranji chikhalirecho ndi chigawenga? Bambo wa ku Ndirande, Blantyre.

Yankho: Bambo, Wu Song amene mwamuonayo ndi munthu wa m'buku la nthano lotchedwa Shuihu Zhuan, lomwe pa Chingerezi limadziwika kuti Water Margin. Bukuli lidalembedwa m'zaka za m'ma 1300 ndipo ambiri amati mlembi wake ndi Shi Nai'an. Limasimba za anthu 108 ogalukira boma amene adasonkhana kumadambo a Liangshan, m'chigawo cha Shandong, pa ulamuliro wa mfumu Huizong. Mtsogoleri wawo, Song Jiang, adakhalapodi ndipo mbiri imati adagonja kwa asilikali a boma mu 1121, koma zochita za Wu Song monga zilili m'bukumo ndi luso la osimba nthano amene ankapatsirana nkhanizi kwa mibadwo ingapo zisadalembedwe.

Za kambuku zija n'zosavuta. Wu Song adamwa mbale 18 za mowa pamalo pomwe mwini wake ankaletsa munthu kupitirira zitatu, kenaka adakwera phiri la Jingyang dzuwa litapendeka, ndipo chibonga chake chitathyokera mumtengo adamaliza chilombocho ndi zibakera. Kambuku wake ndi wamkulu wamizeremizere wa ku Asia, osati nyalugwe wathu wamawanga. Woweruza wa dera la Yanggu adamupatsa udindo wa mkulu wa apolisi ngati mphoto, kotero kuti munthu amene mukumutcha chigawengayu adayamba ali woteteza malamulo.

Yankho la funso lanu lachiwiri lili pa imfa ya mkulu wake, Wu Dalang, bambo wamfupi ndi wofatsa amene ankagulitsa timikate m'misewu. Wu Song ali paulendo wa ntchito, mlamu wake Pan Jinlian adapangana ndi chibwenzi chake, mpondamatiki Ximen Qing, ndipo adamwetsa mwamuna wake poizoni, mtembo n'kuwotchedwa mwachangu. Wu Song atabwerera sadathamangire mpeni. Adafufuza mpaka adapeza woyang'anira mitembo amene adabisa mafupa odetsedwa ndi poizoniyo pamodzi ndi siliva yemwe adapatsidwa kuti atseke pakamwa, adapezanso mnyamata wogulitsa zipatso amene ankadziwa za chibwenzicho, ndipo adapita nawo onse kubwalo la milandu. Woweruzayo, popeza adali atadya kale za Ximen Qing, adati umboni ndi wosakwanira. Apa m'pamene Wu Song adaitana anansi, adalembetsa mawu a mlamu wake ovomera mlandu, adapha awiriwo, kenaka adakadzipereka yekha kwa akuluakulu a boma. Aliyense amene adaonapo mlandu wa mphawi ukuzilala chifukwa winayo ali ndi thumba lolemera angamvetse chifukwa chake owerenga a ku China akhala kumbali ya munthuyu kwa zaka mazanamazana.

Komabe musalole kuti mwana wanu alekere pamenepo, pakuti bukulo silimuyeretsa Wu Song. Atamudinda chizindikiro cha akaidi pankhope n'kumutumiza ku Mengzhou, mkulu wina wa asilikali wa kumeneko adamunamizira kuba ndipo adatuma anthu kuti akamuphere panjira pomwe ankamupititsa ku ukaidi kwina. Wu Song adapulumuka ndipo adabwerera usiku kunyumba ya mkuluyo n'kupha anthu 15, osati adani ake okha komanso atsikana antchito ndi wosamalira akavalo, anthu amene sadamulakwire kanthu, ndipo adalemba dzina lake pakhoma ndi magazi. Ine pamenepa ndimaona kupsa mtima kwa munthu amene wazolowera magazi, osati chilungamo, ndipo ndimakhulupirira kuti mlembi adafuna kuti owerenga anyansidwe. N'zofanana ndi gulu la pamsika limene limati likayamba kulanga lokha woganiziridwa kuba, silifunsanso kuti wolakwa ndani.

Pothawa mlanduwo adavala ngati mmonke woyendayenda wa chipembedzo cha Chibuda, tsitsi litaphimba chizindikiro chija, ndipo pambuyo pake adalowa gulu la ku Liangshan, kumene adaikidwa pa nambala 14. Song Jiang atayamba kulakalaka chikhululukiro cha mfumu, Wu Song adali mmodzi wa otsutsa poyera, koma gululo lidakhululukidwabe ndipo lidatumizidwa kukamenyana ndi ogalukira ena motsogozedwa ndi Fang La. Kumeneko ambiri mwa anthu 108 aja adafa, ndipo iye adaduka mkono wamanzere. Adakana kubwerera kulikulu kukalandira ulemu, adatsalira pakachisi wa Liuhe ku Hangzhou, ndipo bukulo limati adamwalira komweko ali ndi zaka 80. Ngati mnyamatayo amawerenga bwino Chingerezi, mufunireni kumasulira kwa Sidney Shapiro kotchedwa Outlaws of the Marsh, ndipo akafika pa usiku wa ku Mengzhou mumufunse kuti atsikana antchito aja adalakwanji.