Mwana wanga akufuna kumenyera ufulu wa amayi m'maiko a Aluya

Mayi wina wandilembera kuti mtsikana wake wa Fomu 4 wakakamira zodzamenyera ufulu wa amayi m'maiko a Aluya. Akufunsa ngati ntchitoyi ndi yoti munthu n'kudyerapo, komanso zoti mwanayo aphunzire.

Mayi, musamugwetse ulesi mwanayu, koma mumuuze zoona. Nkhondoyi eni ake anaiyamba kalekale. Huda Shaarawi anakhazikitsa bungwe la amayi ku Egypt mu 1923. Tunisia inathetsa mitala mu 1956, ndipo mu 2004 Morocco inakweza zaka zokwatiwira kufika pa 18. Koma omenya nkhondoyi amalipira mtengo wowawa. Loujain al-Hathloul, yemwe ankamenyera kuti amayi a ku Saudi Arabia aziyendetsa galimoto, anamangidwa mu 2018 patangotsala milungu yochepa kuti chiletsocho chichotsedwe, ndipo anatuluka m'ndende mu 2021. Mlendo wopita kumeneko ngati mpulumutsi sangamvedwe ndi aliyense.

Khomo lenileni loti mwana wanu alowere pa ntchitoyi lili pafupi. Atsikana athu ambiri anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka ali antchito apakhomo pansi pa dongosolo la kafala, lomwe limamangirira chilolezo chokhalira m'dzikomo kwa bwana. Ambiri amalandidwa pasipoti akangofika. Ukathawa, wolakwa ndiwe. Ena ankatumiza mawu akunong'ona pa WhatsApp usiku, abwana atagona, kupempha kuti abwerere kwawo. Amenewa ndi amene akusowa loya wodziwa Chichewa ndi Chiarabu, ndipo zimandiwawa kuti anthu otere ndi osowa.

Choncho mwana wanuyo akhoze bwino Chingerezi ndi Mbiri pa MSCE, cholinga chikhale zamalamulo ku University of Malawi ku Zomba. Akatero, University of Pretoria ili ndi digiri yachiwiri ya zaufulu wa anthu mu Africa, pomwe American University in Cairo imaphunzitsa za anthu osamuka ndi othawa kwawo. Utolankhani nawo ndi njira: Tawakkol Karman wa ku Yemen, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2011, ndi mtolankhani.

Chiarabu ayambe pano. Cha kumadrasa ndi poyambira pabwino, koma afunika chofika powerenga kontirakiti ya ntchito.

Za malipiro, zaka zoyamba zimakhala zothina, ndipo ambiri amayamba mongodzipereka. Tchuthi chikubwerachi mupite naye ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lanu, akapemphe kuthandizako ngakhale milungu iwiri.