Mnyamata wanu si waulesi, amayi

Amayi ena a ku Kapata, kuno ku Chipata, andilembera imelo sabata yatha, ndipo ndaiwerenga kanayi. Mwana wawo wamwamuna sanakhoze Giredi 12. Chitulukireni zotsatira mu Januwale amangogona masana onse, usiku ali pa foni, nsima akungoinyema kawiri n'kusamba m'manja. Achibale ena akuti ndi ulesi, ena akuti pali munthu wamuchita chipongwe. Funso lawo ndi lakuti, amulande foni kapena apite naye kumapemphero?

Amayi, ndimafuna kukuyankhani mizere itatu basi, koma zandikanika. Mnyamata mukunenayo ndinali ine zaka makumi awiri zapitazo, kungoti ine ndinalibe foni.

Kwathu ndi cha ku Chiparamba. Kuti ine ndifike Giredi 12 pasukulu yogonera komweko, bambo anagulitsa ng'ombe ziwiri, ndipo imodzi inali yokoka ngolo. Maphunziro aulere mpaka Giredi 12 abwera mu 2022, nthawi yathu ija ng'ombe ndiyo inali fizi. Tsiku la zotsatira ndinapalasa njinga m'mamawa, nditavala shati yoyera ngati ndikupita kukafunsira mbeta. Masamu ndinapeza 9. Chingerezi 8. Amene munadutsa m'manja mwa ECZ, bungwe la mayeso la Zambia, mukudziwa kuti 9 ndi chiyani, palibe koleji imene ingakuyang'ane n'komwe. Pobwerera njinga ndinachita kuikankha, mphamvu yopalasira inali itandithera.

Bambo sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anatenga pepala lija, analiyang'ana ngakhale kuwerenga kunkawavuta, kenako anatembenuka n'kuyang'ana kukhola. Basi. Mpaka anamwalira sitinakambepo za tsiku limenelo.

Ndinalowa m'gowelo, ndipo tinganene kuti ndinatulukamo patapita miyezi inayi. Anthu amati ndikugona, koma tulo teniteni ndinalibe. Ndimadzidzimuka usiku tambala asanalire, mtima ukugunda, mutu ukuwerengera mtengo wa ng'ombe zija, kuwerengera n'kuyambiranso. Kukacha thupi limalemera ngati thumba la mchenga wonyowa. Kusamba kunasanduka ntchito yaikulu ngati kulima ekala. Mpira umene ndinkaukonda, anzanga akamasewera padambo, phokoso lake limandinyansa. Nsima ya nkhwani wotendera, imene kale ndinkapempha yowonjezera, imangomveka ngati utuchi m'kamwa. Munthu waulesi amadya bwino, amayi. Waulesi amaseka, amathawa khasu koma ku mpira amapita. Wanuyo akapanda kusangalala ngakhale ndi zimene ankazikonda, musamutchule waulesi.

Azakhali anga ndiwo anabwera ndi nzeru yopita nane kwa bambo wina wopempherera anthu paphiri. Anandigwira mutu, anandigwedeza, n'kunena kuti nzeru zanga zinatengedwa ndi munthu wapafupi wansanje. Tinasiya mbuzi. Ine ndinabwerako chimodzimodzi, koma banja lathu ndi banja la aneba athu linasiya kupatsana moni, ndipo mayi wina wokalamba amene sanandilakwire chilichonse anayamba kulozedwa zala kuchitsime. Ndikakumbukira zimenezi mpaka lero ndimachita manyazi. Musandimve molakwa, ine Lamlungu ndimapezeka kutchalitchi, ndipo pemphero la amayi anga linandisunga. Koma munthu aliyense amene angakuuzeni dzina la amene walodza mwana wanu, n'kutchula mtengo, ameneyo mumuthawe. Mwana adzatsala ndi matenda ake, inu mudzawonjezera adani.

Anandithandiza ndi agogo anga aakazi, amene sanapondepo m'kalasi. Tsiku lina anafika ndi dengu la mtedza, anakhala pakhomo pa gowelo n'kunena kuti, "Amunanga, zala zanga zikuwawa, bwerani mundiswereko." Mukudziwa mmene agogo amatchulira adzukulu awo aamuna. Sanandifunse za mayeso. Sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Timangoswa mtedza, iwo akukamba za mvula, za nkhuku imene yasowa, za anthu amene anamwalira ine ndisanabadwe. Mawa lake anabweranso. Mtedza utatha anabwera ndi chimanga choti titongole. Patapita mwina sabata ndi theka, pakamwa panga panatseguka pokha, ndipo ndinawauza zimene sindinauzepo munthu, kuti ndimaganiza zodzipha, ndiponso kuti maso anga amapita ku botolo la mankhwala a thonje limene bambo ankasunga. Agogo sanakuwe, sanaitane mudzi. Anangoti, "Ndamva," n'kupitiriza kutongola. Kutacha botolo lija kunalibe, ndipo kuyambira usiku umenewo msuweni wanga ankagona nane m'gowelo, amati kwawo kwadzaza alendo.

Patapita zaka zambiri ndinawerenga za dokotala wina wa ku Zimbabwe, Dixon Chibanda, amene anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa kiliniki, kumvetsera anthu ovutika maganizo, ndi kuwathandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe kulimbana nalo. Achishona matendawa amawatchula kufungisisa, ndiye kuti kuganiza kwambiri. Ndinaseka ndekha, misozi ili m'maso. Agogo anga anachita zomwezo ndi dengu la mtedza, popanda satifiketi.

Pano ndiyenera kukwiya pang'ono, mundikhululukire. Ife kuno timalera ana aamuna ndi mawu akuti mwamuna salira. Mtsikana akalephera mayeso amalira pamiyendo ya amake, anzake amabwera, nkhani imatuluka. Mnyamata timamuuza kuti alimbe, ndiye amalimbadi, amatseka pakamwa, n'kukatsegula botolo la kachasu kapena kuyamba kubetcha pa foni. Kenako tikamva uthenga wa maliro timati, "Koma anali wofatsa, sanadandaulepo." Akanadandaula kwa ndani? Ndiponso tasandutsa dzina la Chainama, chipatala cha odwala maganizo, kukhala mwano. Ana amatukwanirana nalo pamsewu, akuluakulu amaseka nalo mu minibasi. Chainama ndi chipatala cha ku Lusaka, monga mmene St Francis ya ku Katete ilili chipatala. Palibe amene amaseka munthu wopita ku Katete ndi mwendo wothyoka. Boma linasintha lamulo mu 2019, linachotsa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda limene linkatchula odwala maganizo ndi mayina onyoza. Lamulo lasintha, koma pakamwa pathu mpaka pano padakali pa nthawi ya atsamunda.

Ndipo sukulu nazo sindizisiya. Mwana amakhala zaka khumi ndi ziwiri akuuzidwa kuti moyo wake wonse uli papepala limodzi. Tsiku lotsanzikana aphunzitsi amalankhula za amene adzapite ku mayunivesite a UNZA ndi CBU. Sindinamvepo wina akuimirira n'kunena kuti, ena a inu simudzakhoza, ndipo mukadzalephera mudzachite zakutizakuti. Chikhalirecho olepherawo alipo chaka chilichonse, m'kalasi iliyonse. Ine ndinkaganiza kuti ndinali ndekha m'chigawo chonse cha Kum'mawa.

Za foniyo

Nthawi yathu zotsatira umakazitenga kusukulu, manyazi ako umabwera nawo panjinga, ndipo mudzi umamva pang'onopang'ono. Lero mwana amatumiza uthenga ku 8383, yankho limabwera ali pabedi, ndipo ola lisanathe WhatsApp yadzaza ndi anzake a mapointi sikisi, okhoza koposa aja, zithunzi, makeke, "Mulungu ndi wabwino." Miyezi ikapita amawaonanso pa Facebook atanyamula masutikesi pa siteshoni, akukwera basi ya ku Lusaka. Bala lake limatokosoledwa tsiku lililonse. Ndiye inde, foni ikumupweteka, ndipo kukhala maso pa TikTok mpaka mbandakucha kumasokoneza tulo, tulo tikasokonezeka maganizo amaipiraipira.

Komabe musamulande. Poyamba ndinalemba kuti "mwina musamulande," ndafufuta mwinayo. Kulanda foni ndi chilango, ndipo mnyamatayo wadzilanga kale mokwanira. Komanso simukudziwa amene akulankhula naye usikuwo. Mwina ndi mnzake mmodzi yekha amene watsala, amene akumugwira dzanja inu muli mtulo. Mukadula chingwe chimenecho mumusiya yekhayekha ndi denga. Chimene mungachite ndi kugwirizana naye kuti usiku mafoni onse, wanu womwe, azigona pabalaza. Wanu womwe, amayi, chifukwa ana amaona. Chinthu chimodzi chokha muchifufuze: ngati ndalama za mobile money zikusowa, kapena akupempha ma K20 pafupipafupi osanena chogula, mwina wayamba kubetcha, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yofunika kuikamba poyera.

Ine ndinalembanso masamu ndi Chingerezi kudzera mu GCE, mayeso olemba uli kunja kwa sukulu, patapita zaka ziwiri, ndikugulitsa tomato ku Saturday Market. Masamu ndinapeza 6, osati zodabwitsa, koma inatsegula chitseko. Njira imeneyo ilipobe, ndipo masiku ano kulinso mabasare a CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, a maphunziro a ntchito zamanja, mafomu ake mungafunse kwa khansala wa wadi yanu kapena kukhonsolo. Koleji ya ntchito zamanja ya Chipata Trades ili pompano. Mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu amene anaphunzira zamagetsi anapeza ndalama zambiri kuposa ine nthawi ya kuzimazima kwa magetsi mu 2024, akuika ma solar m'nyumba za anthu. Koma nkhani za GCE ndi makoleji musayambe nazo. Munthu amene akulephera kusamba simungamupatse fomu yoti alembe. Zimenezo zidikire ayambe wadya.

Sabata ino chitani izi. Pezani kantchito ka manja koti muchitire limodzi mutakhala pansi, kusankha nyemba kapena china chilichonse, musamuyang'ane m'maso, ndipo musatchule mayeso. Akayamba kulankhula musamudule ndi malangizo. Mumufunse mosapita m'mbali ngati amaganizapo zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwake, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi muwachotse m'nyumba lero lomwe, musadikire yankho lake. Azachipatala amati munthu akakhala wokhumudwa chotere kupitirira masabata awiri, osadya bwino, osagona bwino, osakondwa ndi kanthu, amafunika kuonedwa, matendawo amawatchula depression ndipo amachizika, ena ndi uphungu wokha, ena ndi mankhwala. Wanuyo wadutsa miyezi. Pitani naye kukiliniki yapafupi, munene zonse monga mwandilembera ine, ndipo akaona kuti n'kofunika akutumizani ku Chipata Central Hospital. Akakana kupita, pitani nokha mukafunse. Palinso nambala yaulere ya Lifeline, 933, imene angaimbe yekha usiku pa foni yomweyo. Akakuuzani kuti wakonza kale njira yodziphera, musamusiye yekha ngakhale ola limodzi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kumapemphero pitani, mutengane ndi abusa kapena abambo mfumu amene amamudziwa dzina, koma mubwerere kudzera kukiliniki. Bambo ake simunawatchule mu imelo yanu. Ngati alipo, muwauze kuti alankhule naye, ngakhale mawu awiri, asangoyang'ana kumbali ngati anga aja. Mundilemberenso Lachisanu, mundiuze ngati wamaliza nsima.