Mlatho wa njanji umene umatembenuka

FUNSO: Akonzi, ndinaona pa Facebook mlatho wa njanji wa ku England ukutembenuka kuti sitima ya pamadzi idutse. Akuti ndi wa nthawi ya Mfumukazi Victoria, yemwe uja wa chipilala cha wotchi pano pa Boma. Chitsulo chonsecho chimazungulira bwanji osagwera m'madzi? — Wowerenga, Mangochi

YANKHO: Titenge wa ku Goole pa mtsinje wa Ouse, umene unatsegulidwa mu 1869. Anajambula pulani yake ndi Thomas Elliot Harrison, ndipo makina ake anachokera ku kampani ya William Armstrong ya ku Newcastle. Chigawo chozunguliracho ndi chotalika mamita pafupifupi 76.

Kuti chisagwe, chimakhala pa chipilala chimodzi pakatikati, mbali zonse ziwiri zolemera mofanana ngati sikelo ya pamsika. Pamutu pa chipilalacho pali mkombero wachitsulo, ndipo mlatho umayenda pa magudumu ondandalikidwa pamenepo. Magetsi kunalibe. Injini ya nthunzi inkapopa madzi n'kuwapanikiza mu thanki yosanjikidwa chitsulo cholemera, madziwo ndiwo ankakankha makina.

Woyendetsa sangangodzuka n'kutembenuza. Amayamba watseka njira ndi zizindikiro zoimitsa sitima za pamtunda, kenako amazula mapini olumikiza mlatho kumtunda, n'kumasula zochirikiza za kumapeto. Izi anazimanga mokolana dala: mapini akazulidwa, chizindikiro cholola sitima ya pamtunda kudutsa sichingatheke kutsegulidwa.

Mdani wamkulu ndi dzuwa. Chitsulo cha mamita 76 chikatentha ndi madigiri 30 owonjezera chimatalika pafupifupi masentimita 3. Ndi pang'ono, koma nkokwanira kuti mlatho ukakamire kapena mapini aphonye mabowo ake. Taganizani dzuwa la Okutobala kwanu kuno! Girisi akasowa magudumu amadyeka, dzimbiri nalo siligona. Palinso sitima za pamadzi: wa ku Goole unagundidwa koopsa mu 1988.

FUNSO: Bwanji sanamange wotere pa Shire pano? — Wowerenga, Mpondasi

YANKHO: Mlatho wa Bakili Muluzi ndi wa magalimoto, njanji imaoloka Shire ku Liwonde. Wozungulira umapindula pomwe malo ndi achidikha, njanji singakwere msanga, komanso sitima zazitali za pamadzi zimadutsa pafupipafupi. Umafunanso munthu woudikirira, ndipo chipilala chapakati chija chimapanikiza njira ya madzi. Mabwato a asodzi amangodutsa pansi popanda kuwatsegulira.