Amusankha za labu osati udokotala, ndiye abwereze Form 4?

Funso la lero lachokera kwa mayi ena a ku Ntcheu. Akuti mwana wawo wamkazi anakhoza bwino MSCE, mtima wake unali pa udokotala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS koma wasankhidwa kukachita Medical Laboratory Sciences, ndiye bambo ake akuti ayi abwereze Form 4, eti za labu ndi zoyeza mikodzo basi, iwo akufuna dokotala pakhomo. Mayiwo akufunsa ngati kubwerezako kuli nzeru.

Mayi, asabwereze, apite kusukulu. Koma poti bambo akunyumbawo chawavuta ndi dzina loti dokotala, ndikupatseni zoti mukakambirane nawo akakhuta nsima madzulo ano.

Muyambe ndi nkhani ya mikodzo yomweyo. Aliyense amadziwa kuti penisilini anatulukira ndi Alexander Fleming mu 1928 ku London, ataona kuti nkhungu yomwe inamera m'kambale kake ka mu labu ikupha mabakiteriya. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti Fleming analephera kuisandutsa nkhunguyo kukhala mankhwala oti munthu abayidwe, nkhaniyo inangogona zaka zoposa 10. Amene anaidzutsa ndi gulu la ku Oxford, Howard Florey, Ernst Chain ndi Norman Heatley, ndipo awiri omalizawa sanali madokotala, anali anthu a kemisitiri. Inali nthawi ya nkhondo, zipangizo kulibe, ndiye Heatley ankameretsa nkhungu ija m'zitini, m'mabotolo, mpaka m'timabeseni tomwe odwala amadzithandiziramo pabedi. Mu February 1941 anayesa mankhwalawo pa wapolisi wina dzina lake Albert Alexander yemwe anali kayakaya, munthu anayamba kupeza bwino koma mankhwala anali ochepa kwambiri moti ankatenga mkodzo wake kuthamanga nawo ku labu kukasefa penisilini wotsalamo n'kudzamubayanso. Mankhwala anatha ndithu, wapolisiyo anamwalira, koma dziko linaona kuti zinthuzi zimagwira. Ndiye bambo akamati zoyeza mikodzo, eya, n'zimenezo kumene. Mphoto ya Nobel ya 1945 anagawana Fleming, Florey ndi Chain, Heatley anamusiya panja, zomwe ine mpaka lero ndimaona kuti sizinayende chilungamo.

Kenako muwafunse kuti LA amene amamwa malungo akawagwira uja anachokera kuti. Akuluakulu mukukumbuka, kuno tinasiya kolokwini mu 1993 atasiya kugwira, tinapita ku Fansida, nayenso anafooka, mu 2007 ndi pamene tinayamba LA. Mphamvu ya LA imachokera ku artemisinin, ndipo amene anatsogolera kumupeza ndi mayi wa ku China, Tu Youyou, yemwe anaphunzira za famase, analibe digiri ya udokotala ngakhale PhD. Gulu lake linafufuza njira zamakolo zochizira zoposa 2,000, chitsamba china chotchedwa qinghao chinkaoneka ngati chikuthandiza koma mawa lake osathandizanso, mpaka mayiyu anawerenga m'zolemba za zaka pafupifupi 1,600 zapitazo kuti makolo ankachiviika m'madzi n'kufinya, osawiritsa. Apo m'pomwe anazindikira kuti moto ndi umene ukupha mphamvu ya mankhwalawo. Anasintha kasefedwe mu 1971 zinatheka, ndipo asanapatse odwala anayamba wamwa yekha ndi anzake kuti aone ngati sakupweteka. Nobel anadzalandira mu 2015 ali ndi zaka 84.

Ena ndingowatchula mothamanga. Louis Pasteur anali wa kemisitiri, moti mu 1885 pomwe ankapulumutsa kamnyamata Joseph Meister kolumidwa ndi galu wachiwewe, jekeseniyo anachita kubaya ndi dokotala wina chifukwa iye analibe chilolezo. Ekisileyi anaitulukira ndi Wilhelm Röntgen mu 1895, munthu wa fizikisi. Robert Koch anali dokotala inde, koma kachilombo ka TB anakaona mu 1882 atakhala pa maikulosikopu ndi utoto wake, ntchito yomweyo imene mwana wanu akukaphunzira. Magulu a magazi aja, A, B ndi O, anawapeza Karl Landsteiner mu 1901, ndipo lero mayi akataya magazi pochira dokotala sangamuike magazi wa labu asanawayeze kuti akugwirizana, akalakwitsa pamenepo munthu amapita.

Sindikunyoza udokotala ayi, ndi ntchito yaikulu ndipo ndikumvetsa bambo, mwana akakhala dokotala mudzi wonse umadziwa. Koma kubwereza ndi juga. Malo a MBBS, digiri ya udokotalayo, ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana okhoza bwino, chaka chamawa kukubwera ena a mapointi abwino kuposa, ndiye mwana atha kutaya chaka, fizi ya sekondale mwalipiranso, malo a labu aja apita, kenako n'kupezeka sanasankhidwe konse. Zoterezi zimamuthyola mwana mtima kwambiri.

Za ntchito ndisakunamizeni, boma limachedwa kulemba anthu azaumoyo ndipo ena amakhala pakhomo kaye ndi mapepala awo. Koma wa labu khomo lake si la boma lokha. Kuli zipatala za mishoni za CHAM, zipatala za pulaiveti, Malawi Blood Transfusion Service, komanso malo a kafukufuku monga Malawi Liverpool Wellcome ku Blantyre, UNC Project ku Lilongwe ndi MEIRU ku Karonga, ndipo kumeneku ndi komwe ambiri amapezera mwayi wa masitazi ndi PhD. Pajatu katemera wa malungo wa RTS,S anayesedwako ku Lilongwe, ndipo mu April 2019 Malawi ndi amene anali woyamba padziko lonse kuyamba kupereka kwa ana ku sikelo. Magazi a ana onse a mu kafukufukuyo sanadziyeze okha.

Tsopano iwe mwana, poti mayi akuwerengera izi. Bambo ayankhula, mayi afunsa, koma iwe sindinakumve. Pita pa chipatala cha boma chapafupi, upemphe mwaulemu kwa oyang'anira labu kuti uoneko tsiku limodzi momwe amagwirira, uone makina a GeneXpert oyezera TB m'makhololo, uone momwe amawerengera tizilombo ta malungo pa silaidi. Ndi ntchito yofuna munthu wodekha, wa kemisitiri ndi bayoloje wabwino, wosatopa kubwereza chinthu chimodzimodzi mosamala. Ukaona kuti mtima wako ulidi pogwira wodwala ndi manja, maliza kaye digiriyi ukhoze bwino, udzafunsire udokotala uli ndi pepala kale m'manja, komanso kuli Clinical Medicine ku Malawi College of Health Sciences, makiliniko ofesa ndi amene anyamula zipatala zathu zam'maboma mpaka maopareshoni a amayi oyembekezera. Ukamaliza za labuzo usaiwale kulembetsa ku Medical Council of Malawi, popanda chimenecho sungagwire ntchito.

Mayi, panopa chofulumira ndi fomu ya ngongole ya ku Loans Board, imakhala ndi tsiku lotsekera ndipo sadikira kuti kunyumba mugwirizane kaye. Alembe sabata ino, zokambirana ndi bambo zizipitirira fomu itapita kale.