Vinyo wa chakudya cha Loweruka

Eee achemwali, ndamva funso lanu lija. Mwati Loweruka kukubwera alendo, mukuwotcha nyama ya ng'ombe, kukhalanso nkhuku ya tsabola ndi nsomba, ndiye mugule vinyo wanji. Ndingoyankha pakamwa, kulemba kundichedwetsa.

Zija amanena kuti wofiira ndi wa nyama yofiira, woyera ndi wa nkhuku ndi nsomba, si bodza ayi, koma musathere pomwepo. Chachikulu ndi kaphikidwe. Nkhuku yomweyo mukaiphika mu kirimu ifuna vinyo wina, mukaithira tsabola wambiri ifunanso wina.

Tiyambe ndi ng'ombeyo. Vinyo wofiira amamupanga makoko ndi njere za mphesa zili momwemo, ndiye amatengako zinthu zimene amati tannin. Ndi zimene zimaumitsa m'kamwa zija, ngati mwamwa tiyi wopanda mkaka amene masamba ake akhalitsa m'madzi. Zimagwira mapuloteni a m'malovu, lilime n'kumakhakhala. Koma mukayamba mwatafuna nthuli yonona, mafuta ndi mapuloteni a nyama aja amafewetsa ukali wonsewo. Vinyo amatsika bwinobwino, nyamanso siikukolani msanga. Apa tengani Cabernet Sauvignon kapena Shiraz. Ine pa nyama yowotcha pamakala mtima wanga uli pa Pinotage, mphesa ya ku South Africa imene Abraham Perold anaipeza mu 1925 ku Stellenbosch pophatikiza Pinot Noir ndi Cinsaut. Imagwirizana kwambiri ndi kafungo ka utsi kaja.

Pamene ndikufuna mundimvetsetse ndi pa nkhuku ya tsabolayo. Tembenuzani botolo, muone nambala ya mphamvu ya mowa. Mukaona 14% kapena 15%, libwezeni pashelefu. Mowa ukachuluka, tsabola amawotcha mowirikiza, alendo azingopuma ndi pakamwa osamvanso kukoma kwa ndiwo. Pezani woyera wotsekemerako pang'ono, monga Riesling kapena Chenin Blanc wa mtundu umenewo, wozizira bwino. Kashuga kochepako ndi kamene kamaziziritsa lilime.

Nsomba ilibe vuto. Sauvignon Blanc ndi wowawasa, amagwira ntchito imene mandimu amagwira. Wofiira wamphamvu uja musamuyandikize, chifukwa nthawi zambiri amasiya kakomedwe ka chitsulo m'kamwa.

Mwina muti mitundu itatu yachuluka. Chabwino, gulani rosé (vinyo wa mtundu wa pinki) wosatsekemera kapena Pinot Noir, amene ndi wofiira wopepuka, sakangana ndi mbale iliyonse mwa zitatuzo.

Aaa, ndisaiwale kuzizira kwake. Woyera akhale mufiriji maola awiri. Wofiirayo asafunde, achemwali, amakoma ali pa madigiri 16 mpaka 18, ndiye ngati kwatentha muikeni mufiriji mphindi 20 musanatsegule. Akafunda mumangomva mowa wokhawokha.

Ngati kuli keke, vinyo wake ayenera kutsekemera kuposa kekeyo, apo ayi amveka wowawasa moti anthu aziganiza kuti wawonongeka. Mukapanda kumupeza, ingoperekani khofi, palibe adzadandaule.

Botolo la 750ml limatuluka matambula 5, ndiye werengani amene amamwa okha, ndipo osamwawo muwakonzere madzi ozizira ndi juwisi. Mukafika pogulira jambulani mabotolowo munditumizire pano, ndikuuzani loti munyamule.